Kodi Mumadziwa? Malaya a Mlenje wa Dziko la Chisanu

Kumpoto kwenikweni kwa Canada, m'chigawo cha Nunavut, kumene kuzizira kumafika madigiri 40 kunsi kwa ziro ndipo nyanja zimauma gwaa ngati thanthwe, anthu a mtundu wa Inuit, amene Namalenga anawaninkha nzeru zoyenera malo awo, akhala akudalira chiyambire makolo nyama yonga mphalapala yotchedwa caribou, imene ubweya wake uli ndi mphako m'kati zosunga mpweya wofunda.

Alenje amaisaka nyamayo chisanu chisanafike, pamene ubweya uli pa msinkhu woyenera. Ndipo amayi, atafufuta zikopa ndi kuzisoka ndi mitsempha ya nyama yomweyo, amakonza malaya awiri: am'kati ubweya wake ukhudza thupi, akunja ubweya wake uyang'ana mphepo.

Atavala chotero, msodzi amaboola chiboo pa madzi oundanawo, nagwada pomwepo, dzanja lina likugwedeza kanyambo, lina litagwira kakivak, mkondo wa mano atatu, kufikira nsomba itatulukira; pakuti akuluakulu sananame ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.