Chotupa cha Pakhosi: Tisamangoti Nchakumtundu

Ambiri mwa ife amene tinachoka ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota kudzakhala mu Lilongwe tinakula tikuona agogo kapena azakhali athu ali ndi chotupa pakhosi. Tinkangoti nchakumtundu. Iwo anakalamba nacho popanda vuto, ndipo nchifukwa chake lero mayi wa ku Chinsapo kapena ku Mgona akaona kachotupa pakhosi amangokokera mpango nkupitiriza geni yake. Poti sikapweteka, ngakhale bambo a m'nyumba sauzidwa.

Munthu aliyense ali ndi chithokomiro, kachiwalo kooneka ngati gulugufe kamene kali kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo. Ntchito yake ndi kutulutsa michere yoyendetsa kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima ndi mphamvu zathu. Chikasowa ayodini chimatupa. Nsomba za m'nyanja yathu zilibe ayodini wochuluka ngati za m'nyanja zamchere, ndipo chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira chimawonjeza vutoli (akondowole anzathu, tamvetsetsani apa). Boma linakhazikitsa lamulo lothira ayodini mu mchere mu 1995.

Zotupa zambiri za chithokomiro si khansa. Koma zina mwa izo ndi khansa, ndipo diso lokha silingasiyanitse. Matendawa amagwira amayi kuwirikiza pafupifupi katatu kuposa abambo, ngakhale amayi achitsikana amene akulera ana. Mtundu wofala, wotchedwa papillary, umakula pang'onopang'ono ndipo ukapezeka msanga odwala ochuluka zedi amachira. Wina, follicular, umapezeka kwambiri m'madera osowa ayodini. Ulipo wa medullary umene nthawi zina umayenda m'banja, ndi wa anaplastic, wosowa koma wothamanga, umene umakonda okalamba.

Abale ndi alongo, chotupa chikalimba ngati mwala, chikamakula msangamsanga, mawu akasasa kwa masabata angapo popanda chimfine, nsima ikamakakamira pomeza, mpweya ukamabanika pogona, kapena mwanabere akatuluka m'mbali mwa khosi osabwerera, nthawi yodikira yatha. Chotupa cha pakhosi kwa mwana kapena kwa bambo nachonso chisachedwetsedwe. Kutemera mphini kumangowonjeza chilonda pamene matenda akukula mkati.

Ulendo umayambira pa chipatala chapafupi, monga cha Kawale, cha Area 25 kapena Bwaila, kumene amalemba kalata yotumiza wodwala ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central. Kumeneko adokotala amagwira khosi, amayeza magazi, ndi kuunika chotupacho ndi makina a sikani. Pano tichenjezane: magazi akhoza kutuluka bwinobwino khansa ilipo. Chotsimikiza ndi kasingano kakang'ono kamene amabaya m'chotupa kuti atengeko timadzi tokapima. Chiyambire 2011 chipatalachi chili ndi malo ake opimira zoterezi, omwe anatsegulidwa mothandizana ndi UNC Project. Mukapimidwa, funsani tsiku lodzamva zotsatira ndipo mulisunge; ambiri amatayika pamenepa, akabwerera kunyanja kukasamala za kumunda.

Mankhwala enieni ndi opaleshoni yochotsa mbali imodzi ya chithokomiro kapena chonse. Mawu akhoza kusasa kwa kanthawi, ndipo ena amamva dzanzi m'milomo ndi m'zala chifukwa kashiamu watsika m'magazi. Izi nzofunika kuwauza anamwino nthawi yomweyo. Odwala ena amapatsidwanso ayodini wapadera wa mphamvu ya radiyeshoni kuti aphe timbewu totsalira ta khansa. Ayodini ameneyu saperekedwa kwa mayi woyembekezera kapena woyamwitsa.

Amene achotsedwa chithokomiro chonse amamwa piritsi la levothyroxine tsiku lililonse moyo wawo wonse. Ena akamva bwino amalisiya, ndiye patapita masabata thupi limalefuka, kuzizidwa ngakhale m'mwezi wa Okutobala, nkhope kutupa. Piritsili limamwedwa m'mimba mulibe kanthu, ndi madzi okha, theka la ola kapena ola lathunthu chakudya chisanalowe. M'mwezi wa Ramadhan zimatheka kulimwa usiku, nthawi ya daku isanakwane, malinga mwagwirizana ndi adokotala. Mayi wotere akaima, apite msanga kuchipatala chifukwa kawirikawiri mlingo wa mankhwala umayenera kuwonjezedwa kuti mwana akule bwino m'mimba.