Sensa yatsopano kapena yakaunjika: chisankho cha dalaivala wa kwa Nsabwe

Msewu wochoka pa boma la Thyolo kulowera ku Thekerani, m'dera la mfumu Nsabwe, umayamba ndi minda ya tiyi yotambalala bwino, kenako umasanduka zitunda ndi makona okhaokha. Magalimoto ambiri onyamula anthu kumeneko ndi a Toyota ogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, makamaka Sienta ndi Probox, ndipo ochuluka mwa iwo ali ndi injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5. Injini yaying'ono chotere ikamakwera phiri pa giya yachiwiri, galimoto itadzaza anthu ndi matumba, imamwa petulo wambiri ngakhale ili bwinobwino. Tsono dalaivala akayamba kuona kuti petulo yemwe ankamufikitsa ku Thekerani n'kubwerera sakukwananso, ekizozi ikununkha mafuta osapsa, nyali ya check engine ili chiyakire, amakaniko nthawi zambiri amaloza kachipangizo kamodzi: sensa ya okosijeni. Apa mpamene pamabuka funso loti agule yatsopano ya m'bokosi kapena yochotsedwa pa galimoto ina.

Kuti funsoli liyankhike bwino, pafunika kudziwa chimene sensayi imachita. Imamangidwa pa paipi ya ekizozi pafupi ndi injini, mutu wake uli m'kati mwa utsi. M'mutumo muli kachidutswa ka dongo lowotcha la zirconia kokutidwa ndi platinamu. Kakatentha kupitirira madigiri 300, kamayerekeza okosijeni wotsala mu utsi ndi wa mumpweya wa panja, n'kutulutsa mphamvu ya magetsi yochepa kwambiri: pafupifupi 0.1 volti petulo akachepa, pafupifupi 0.9 akachuluka. Kompyuta ya injini imawerenga zimenezi n'kumawonjezera kapena kuchepetsa petulo mosalekeza, pofuna kuti pa galamu imodzi ya petulo pakhale magalamu 14.7 a mpweya. Kampani ya Bosch ya ku Germany ndiyo idayamba kupanga sensayi, ndipo idaikidwa koyamba m'magalimoto a Volvo mu 1976, malamulo oletsa utsi woipa atakhwima ku California.

Kuno ku Malawi ntchito ya sensayi ndi yokulirapo kuposa kumene magalimotowa adachokera. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku nzimbe, ndipo zakhala choncho kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa idatsegulidwa. Ya PressCane ku Chikwawa idadza pambuyo pake. Ethanol ali ndi okosijeni wakewake, choncho petulo wosakaniza amafuna mpweya wocheperapo kuti apse bwino. Galimoto ya ku Japan sidziwa kuti yathiridwa chiyani m'thanki. Imazindikira kudzera mu utsi basi, ndipo womva utsiwo ndi sensa. Wonjezanipo petulo wa m'zigubu amene anthu amagula m'mbali mwa msewu mafuta akasowa m'mapampu, yemwe palibe angakutsimikizireni za ubwino wake, muona kuti kachipangizoka sikapuma.

Yakaunjika ili ndi zabwino zake, ndipo amene amainyoza sanayendepo mumsika wa sipeya ku Ndirande kapena m'mashopu a ku Limbe ali ndi ndalama zowerengeka m'thumba. Sensa yochotsedwa pa Toyota yochita ngozi, kapena yobwera ndi injini yodulidwa ku Japan, kawirikawiri imakhala ya Denso, kampani yomwe imapangira Toyota masensa ake. Pulagi yake imalowa popanda kudula waya, utali wa waya ndi wokwanira, ndipo kompyuta imailandira ngati yakeyake. Mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi yatsopano, yomwe imagulidwa kunja ndi madola. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, kusiyana kumeneku kudakula kufika poti eni magalimoto ambiri adasiya n'kufunsa komwe mtengo wa yatsopano.

Vuto la yakaunjika n'lakuti ukalamba wake suoneka. Chitseko, galasi kapena bampa yakaunjika munthu amaiyang'ana, kuigogoda, n'kudziwa chimene akugula. Sensa imatha m'kati. Zambiri zimagwira bwino ntchito mpaka kupitirira makilomita 100,000, koma sizifa tsiku limodzi ayi. Zimayamba kuchedwa kuyankha. Yabwino imadumpha pakati pa 0.1 ndi 0.9 kangapo m'masekondi ochepa, pamene yotopa imakwera ndi kutsika mozengereza, moti kompyuta imakonza petulo mochedwa ndipo mafuta amawonongeka nyali isanayake n'komwe. Komanso simudziwa injini imene idachokerako. Ngati inkawotcha oyilo, kapena gasiketi idaphulika madzi a radiyeta n'kumalowa m'masilinda, kapena makaniko wina adapaka silikoni wosayenera pomanga injiniyo, platinamu uja adakutidwa kale ndipo kutsuka ndi petulo sikungamubwezere. Mtovu, womwe unkapha masensa msanga, udachotsedwa mu petulo wa mayiko a kum'mwera kwa Sahara kumayambiriro kwa 2006, koma ziphe zinazi zikadalipo. Kuchotsa komwe nako kumawononga: sensa yogwidwa ndi dzimbiri ikamasulidwa ndi hamala ndi tchizulo, dongo la m'kati limang'aluka kunja kukuoneka kosalala.

Wogulitsa wokhulupirika amatenga mita n'kuyeza mawaya awiri a hita, kachipangizo kotenthetsa sensa injini ikangolizidwa. Muyesowo ndi wothandiza, koma umangokuuzani kuti hita sidaduke. Sunena chilichonse za changu cha sensayo mu utsi.

Yatsopano yeniyeni, ya Denso, NTK kapena Bosch, imachotsa nkhawa zonsezi. Moyo wake wonse uli m'tsogolo, ndipo pa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku ndalama yake imabwerera kudzera m'petulo wopulumuka. Koma mawu oti "yatsopano" akubisa zinthu zitatu zosiyana m'mashopu athu. Pali yeniyeniyo. Pali yabodza, ya m'bokosi lokongola lolembedwa dzina la kampani yodziwika, imene mtengo wake wotsika mosayembekezeka ndiwo chizindikiro choyamba. Ndiye pali ija amati imakwana galimoto iliyonse, yobwera yopanda pulagi, yofuna kulumikiza mawaya pamanja. Yachitatuyi si yoipa payokha, kungoti imafuna makaniko wodziwa. Masensa ena amakoka mpweya wa panja kudzera m'timipata ta m'kati mwa waya momwemo, ndiye munthu akalumikiza ndi mtovu wosungunula amatseka njirayo, sensa n'kuyamba kunama. Pakati pa yabodza yonyezimira ndi ya Denso yakuda ndi mwaye yochokera pa injini yabwino, ine ndingatenge yakudayo.

Pali msampha wina umene umagwira ogula mitundu yonse iwiri. Magalimoto ambiri a Toyota a zaka zaposachedwa ali ndi sensa ya mtundu wina kutsogolo, pafupi ndi injini, yoyeza chiwerengero chenicheni cha mpweya ndi petulo m'malo mongonena kuti wachuluka kapena wachepa. Kunja imafanana ndi ya mtundu wakale, mawaya ndi anayi chimodzimodzi, mazinga ndi omwewo, koma kompyuta imaiwerenga mwanjira ina. Mukasinthanitsa, galimoto siyenda bwino. Choteteza n'chimodzi: nambala yodindidwa pa thupi la sensa imene mukuchotsa ifanane ndi ya imene mukugula. Musataye yakale musanagule ina, ndipo muinyamule popita ku Limbe.

Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti masensa ambiri amene amasinthidwa anali abwinobwino. Makina oyezera akaikidwa pa galimoto n'kutulutsa nambala yokhudza sensa, tanthauzo lake n'lakuti kompyuta sikukhutira ndi uthenga umene ikulandira, osati kuti sensa yafa. M'misewu yafumbi yolowera kumidzi ya kwa Nsabwe, paipi ya ekizozi imagunda miyala n'kung'aluka, mpweya wa panja n'kumalowa pafupi ndi sensa, iyo n'kumanena zoona zake kuti okosijeni wachuluka. Waya amatha kukhudza paipi yotentha n'kupsa. Fyuzi ya hita imatha kuduka. Nambala ya P0171, yonena kuti petulo akuchepa, kawirikawiri imachokera ku paipi ya mpweya yobooka kapena sensa ina, yoyeza mpweya wolowa, itadetsedwa ndi fumbi. Nambala ya P0420 imakamba za catalytic converter, chosefera utsi chimene chili pakati pa masensa awiri a okosijeni, yakutsogolo ndi yakumbuyo. Magalimoto ambiri kuno chosefera chimenechi adachigumula m'kati kapena chidabedwa chifukwa cha platinamu, palladium ndi rhodium zimene zilimo, ndipo pamenepo ngakhale mutagula sensa yodula bwanji nyali sizima. Nambala ngati P0135, yonena za hita ya sensa yakutsogolo, ndiyo imaloza pafupi, komabe waya ndi fyuzi ziyambe zaonedwa.

Kumanga kwake n'kofanana kaya ndi iti. Injini ikhale yofunda koma yosaotcha, sipanala ikhale ya 22, makamaka ija yong'ambika pambali kuti waya adutse. Pulagi ichotsedwe kaye kuti waya asapotoke. Yatsopano kawirikawiri imabwera itapakidwa kale mafuta oteteza mazinga. Yakaunjika muipake pang'ono pa mazinga pokha, mutu usakhudzidwe. Yambani kumanga ndi dzanja, chifukwa mazinga a paipi akatha, ntchito ya mphindi zochepa imasanduka ya owotcherera.

Maganizo anga ndi awa. Masensa awiri a pa galimoto safunika mofanana. Yakutsogolo ndiyo imalamula petulo, ndipo pa Sienta yokwera ndi kutsika mapiri a Thyolo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, pamenepo payenera yatsopano yeniyeni, ngakhale pafunike kusunga ndalama kwa milungu ingapo. Mtunda nawo uwerengedwe: munthu wa ku Limbe akagula yakaunjika yosagwira amabwerera kwa wogulitsa tsiku lomwelo, pamene wa ku Thekerani amataya tsiku lathunthu la ntchito ndi petulo wa ulendo wopita ndi wobwerera. Yakumbuyo kwenikweni imangoyang'anira chosefera utsi, ndipo pamenepo yakaunjika ya nambala yolondola ndi yokwanira.

Ngati ndalama sizikulola ndipo yakutsogolo iyenera kukhala yakaunjika, pitani ndi galimoto yomwe kwa wogulitsa. Gwirizanani kuti imangidwe pomwepo, injini itenthe bwino, makaniko alumikize makina ake n'kukuonetsani manambala injini ikulira. Pa sensa ya mtundu wakale muone mphamvu ikudumpha msanga pakati pa 0.1 ndi 0.9. Pa ya mtundu watsopano muone ngati manambala akusintha nthawi yomweyo makaniko akaponda ndi kusiya moto, komanso ngati petulo amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa sakupitirira 10 peresenti. Zikatero, perekani ndalama.