Buku la Malisiti Ligonja kwa Kompyuta

Wamalonda wa ku Chunga akapita kukagula katundu m'masitolo akulu a ku Kamwala, kawirikawiri alandira lisiti locokera m'kompyuta, osati lolembedwa ndi dzanja. Kuyambira pa 1 July 2024, bungwe lokhometsa misonkho la Zambia Revenue Authority linalamula onse olembetsa msonkho wa VAT kugwiritsa nchito njira yochedwa Smart Invoice. Lisiti lililonse lifika ku bungweli pa intaneti, motero kubisa malonda nkobvuta.

Koma makinawa afuna magetsi. Caka comweco cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi nazima maola ambiri pa tsiku. Eni masitolo ena anagula majenereta kapena masola, ndipo sitikayika kuti ndalamazo zinalowa pa mtengo wa shuga ndi sopo wofika kumidzi.