Mwana akajambula usipa m'mimba mwa bwato: mafunso ndi mayankho

Funso: Kuno kwa Malenga Chanzi ana ambiri akuvutika ndi kuwerenga. Kodi n'koyenera kutaya tsiku lathunthu kukondwerera zojambula zawo?

Yankho: N'koyenera. Dzanja limene laphunzira kukhotetsa mzere wa bwato silivutika kukhotetsa chilembo. Komanso zaluso zili m'maphunziro a pulayimale, ndipo pa mayeso a MANEB a Sitandade 8 pali pepala la Arts and Life Skills.

Funso: Mwana wanga wajambula bwato, koma nsomba zikuoneka m'kati ngati thabwa palibe. Si kulakwitsa kumeneku?

Yankho: Ayi, ndipo maganizo amenewa ndi amene awononga ana ambiri. Mwana wa msodzi amadziwa kuti bwato likamabwera m'mamawa kuchokera kokoka chilimira, pansi pake pamakhala usipa. Inu mukaima pamchenga simuuona, koma iye akudziwa kuti ulimo, ndiye aubisirenji? Georges-Henri Luquet wa ku France anafotokoza zimenezi m'buku lake la 1927: mwana wamng'ono amajambula zimene akudziwa, osati zimene diso likuona. N'chifukwa chake amaika kampango pansi pa madzi, chinangwa pansi pa nthaka, ndi anthu m'nyumba yotseka. Chimodzimodzinso munthu wa mutu ndi miyendo yokha, uja amaseketsa akuluakulu. Ana a zaka zitatu kapena zinayi amamujambula m'maiko osiyanasiyana popanda wowauza. Rhoda Kellogg wa ku San Francisco anasonkhanitsa zojambula za ana pafupifupi miliyoni imodzi, napeza kuti mizere ndi zozungulira zimene ana amayambira n'zofanana kwambiri. Tsono mphunzitsi akatenga cholembera chofiira n'kudula chojambula chotere, akudula chiyani? Zimandipweteka kwambiri ndikaona kalasi yonse itakopera kapu imodzi ya pabolodi, wokopera bwino n'kupatsidwa malikisi onse, pamene uja wajambula bambo ake akusoka ukonde wauzidwa kuti sanamve malangizo.

Funso: Nanga tidziwa bwanji kuti mwana akupita patsogolo?

Yankho: Sungani zojambula zake, kumbuyo mulembe tsiku. Katoni yakale ya sopo ikwanira kalasi yonse. Pakutha pa chaka yalani zake zoyamba pambali pa zomaliza, mumuyerekeze ndi iye mwini, osati ndi mnzake. Mudzaona munthu uja wamera thupi, kenako khosi, kenako zala zogwira nkhafi. Zinthu zimene zinkayandama papepala zaima pamzere umodzi wa nthaka. Viktor Lowenfeld, m'buku lake la 1947, analongosola masitepe amenewa. Msinkhu wofunika kuusamala ndi wa zaka 9 mpaka 11, pamene mwana amayamba kudzionera yekha kuti chambo chake sichikufanana ndi chenicheni. Ambiri amasiyira pomwepo. Apa m'pofunika kumubweretsera nsomba yeniyeni, ayang'ane pamene pali zipsepse, ajambule akuiona.

Funso: Kodi mwana alembe dzina lake pachojambula?

Yankho: Inde. Ngati sanadziwe kulemba, adinde chala.

Funso: Koma mapepala ndi utoto n'zodula. Sukulu ya kumudzi ingathe?

Yankho: Anthu amene anajambula pamiyala ya Chongoni ku Dedza sanagule utoto m'sitolo. Kumeneko kuli malo 127 a zojambula, ndipo UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira n'za Akafula, alenje akale. Zoyera n'za Achewa, zopakidwa ndi dothi loyera, zina zokhudza chinamwali, zina Gule Wamkulu. Ndimakonda kuti ana amve zimenezi, adziwe kuti kujambula sikunabwere ndi sukulu. Amayi amene amakongoletsa chipupa ndi mtsiro wamitundumitundu akupitiriza luso lomwelo, ndipo angathe kuitanidwa m'kalasi. Makala alipo, mwaye ulipo, katondo alipo, phulusa lilipo. Mchenga wonyowa wa kunyanja ndi bolodi lalikulu kuposa lililonse la m'kalasi. Ndiye pali dongo. Ng'ombe zadongo zimene anyamata amaumba kudambo, ndi magalimoto a mawaya okhala ndi chiwongolero chokhota, n'zoyenera kuikidwa pachionetsero mofanana ndi za papepala. Kumwera kwa boma la Nkhotakota, m'mphepete mwa nyanja, kuli Nkhotakota Pottery, kumene anthu amadya za kuumba. Ku Mua kuli Kungoni, imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndipo yaphunzitsa osema ndi ojambula ambiri. Mwana aziuzidwa kuti malo otere alipo.

Funso: Pa tsiku la chionetsero, tipereke mphoto kwa wopambana?

Yankho: Ine sindilimbikitsa. Mphoto imodzi imauza ana ena onse kuti luso ndi la mnzawo yekha. Mangani chingwe kuchoka pamtengo wa mango kufika pamzake, mwana aliyense apanirepo chimodzi chimene wasankha yekha. Itanani amfumu, a komiti ya sukulu ndi makolo, ndipo mwana aime pambali pa ntchito yake afotokoze. Poyamikira musamangoti "uli ndi mphatso". Claudia Mueller ndi Carol Dweck anaonetsa mu 1998 kuti ana otamandidwa chifukwa cha nzeru amagwa mphwayi msanga akalephera kusiyana ndi otamandidwa chifukwa cha khama. Nenani chimene mwaona: "Ndaona waika nyali pabwato, kodi uwu ndi usiku?" Akayamba kuyankha, mvetserani mpaka amalize.

Funso: Zoumba za ana zimang'aluka lisanafike tsikulo. Titani?

Yankho: Chotsani timiyala, kandani dongo mokwanira, musaumbe zochindikala, ndipo ziume pamthunzi pang'onopang'ono, osati padzuwa. Za kuotcha, pemphani mayi woumba mbiya wa m'mudzimo aziike pamoto pamodzi ndi miphika yake, ana ataima patali n'kumaonerera.