Mafuta opaka bondo: zimene ndinaphunzira ndisanaode katoni yonse

Abale anzanga a geni, ine ndimagulitsa zovala ku Joni kuno, ndipo ndimaima kuyambira 6 m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Chaka chatha bondo lakumanja linayamba kulira ndikamakwera masitepe ndi chikwama cha katundu. Kuchipatala anandiuza kuti ndi nyamakazi ya m'bondo: kafupa kofewa kamene kamateteza mafupa kuti asakhulane kaperepeseka.

Masiku omwewo kunabwera mkulu wina ndi timabotolo topanda dzina la kampani, ati mafuta ochiza nyamakazi kotheratu. Mtengo wooda unali wotsika moti mtima unagunda. Ndinawerengera kale phindu, poti azimayi achikulire ondifunsa za mankhwala a maondo ndi ambiri, ena ofuna kutumizira makolo kumudzi.

Amene anandibweza ndi mayi wa ku pharmacy. Anandifotokozera kuti palibe chopaka chimene chimabwezeretsa kafupa kaja. Chimene mafuta abwino amachita n'kuchepetsa ululu basi. Jelo wa diclofenac, monga Voltaren Emulgel, ndiye amathandiza ambiri pa bondo, chifukwa mfundo yake ili pafupi ndi khungu. Mankhwala olowa m'magazi amakhala ochepa poyerekeza ndi mapilisi, ndiye m'mimba simuvutika kwambiri. Ku Britain, malangizo a NICE a 2022 amati pa bondo ayambe kupereka opaka otere asanaganize za mapilisi.

Palinso a capsaicin, ochokera ku tsabola. Amawotcha masiku oyamba, ndipo amatenga masabata angapo kuti muone kusintha. Sambani m'manja mukapaka, ine ndinatikita diso tsiku lina, musandifunse! Deep Heat amangotenthetsa, mpumulo wake ndi wa kanthawi.

Musapake pabala. Oyembekezera, odwala impso kapena mphumu, ndi amene akumwa kale mapilisi a ululu afunse kaye adokotala.

Za malonda tsono. Kuno ku South Africa mankhwala amayang'aniridwa ndi SAHPRA, ndipo si onse ololedwa kugulitsidwa patebulo kapena mu spaza. Kabotolo kopanda lebulo simudziwa muli chiyani. Kakatupitsa agogo a munthu, sadzafunafuna mkulu uja, adzabwera kwa inu, mlendo wa mapepala ake ovuta kale.

Katoni ija sindinaode. Ndinagula chubu chimodzi changa, kampando kokhalira pa geni, ndi ngolo yokokera katundu. Bondo likadalirabe kukazizira mu June, koma masitepe ndikukwera.