Kukonza makompyuta a ku Chitipa uli khale ku Mzuzu

Kuchoka mumzinda wa Mzuzu kukafika ku Karonga pali mtunda wa makilomita oposa 200, ndipo msewu wa M1 umatsika mokhotakhota paphiri la Chiweta usanayambe kutsata gombe la nyanja. Wopita ku Chitipa amawonjezerapo makilomita ena pafupifupi 100, pomwe wa ku Likoma amayenera kukadikira sitima ku Nkhata Bay.

Kwa katswiri yemwe amasamalira makompyuta a m'zipatala, m'sukulu kapena m'maofesi a m'chigawo cha kumpoto, ulendo wotere umadya mafuta, alawansi ndi tsiku lathunthu. Chikhalirecho vuto lomwe akukakonzalo nthawi zambiri limatha ndi mzere umodzi wa malemba, womwe angathe kuulemba ali pampando wake ku Katoto kapena ku Luwinga. Njirayi ndi yachangu komanso yotsika mtengo, koma mzere womwewo ukalakwika ungathe kufafaniza ntchito ya zaka zambiri m'kuphethira kwa diso.

Seva n'chiyani?

Seva ndi kompyuta yomwe ntchito yake ndi kutumikira makompyuta ena. Ndiyo imasunga mayina a odwala, malikisi a ophunzira kapena kaundula wa malipiro, ndipo makompyuta a pamadesiki amangotapa kwa iyo. Nthawi zambiri imakhala m'kachipinda kokhoma, yopanda sikirini, ikuyaka usana ndi usiku.

Zipatala za m'dziko muno zili ndi chitsanzo chodziwika bwino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la Baobab Health lidayamba kuika makompyuta ogwiritsa ntchito pokhudza sikirini pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo luso limeneli lidafalikira m'zipatala zambiri zopereka mankhwala a ma ARV. Seva ya pachipatala chotere ikaima, mzere wa odwala nawonso umachedwa, ndipo anamwino amabwerera kumapepala.

Ma seva ambiri padziko lapansi amayendera pulogalamu ya Linux, yomwe Linus Torvalds wa ku Finland adayambitsa mu 1991. Akatswiri amawalamula kudzera pa command line, kazenera kopanda zithunzi komwe munthu amalembapo lamulo, makina n'kuyankha ndi malemba.

Khomo lolowera kutali

Chomwe chimalumikiza katswiri wa ku Mzuzu ndi seva ya ku Chitipa ndi njira yotchedwa SSH. Adaipanga ndi Tatu Ylönen mu 1995 pasukulu yaukachenjede ya Helsinki University of Technology, anthu ena ataba mawu achinsinsi olowera panetiweki ya sukuluyo. Njira zakale zinkatumiza mawu achinsinsi poyera, moti aliyense wotchera khutu panetiweki ankatha kuwawerenga. SSH imabisa zonse zodutsa pakati pa makompyuta awiriwo kuti wina wapakati asatolepo kanthu.

Ntchito za pa seva zili pawiri. Zina zimabwerezedwa tsiku ndi tsiku, monga kukopera kaundula pakati pa usiku, ndipo makina amazichita okha panthawi yoikika. Zina ndi zapakamodzi, zobwera mwadzidzidzi: pulogalamu yaima, malo osungira zinthu adzaza, wotchi ya makina yasokonekera magetsi atathima, kapena wantchito wasiya ntchito ndipo akaunti yake iyenera kutsekedwa lero lomwe.

Mwachitsanzo, kalaliki akaimba lamya kuti kompyuta ikukana kusunga mayina atsopano, katswiri amalowa pa SSH n'kulemba df -h, lamulo loonetsa malo otsala. Lamulo la uptime limamuuza nthawi yomwe yadutsa chiyakireni makinawo, zomwe zimaulula ngati adazima usiku. La systemctl restart limadzutsa pulogalamu yomwe yaima. Akhozanso kutumiza lamulo limodzi lokha, kulandira yankho, khomo n'kudzitsekanso.

Ngati ma seva ndi ambiri, pali zida monga Ansible, yomwe Michael DeHaan adatulutsa mu 2012, zotumiza lamulo limodzi kumakina makumimakumi nthawi imodzi.

Njirayi imayenerana ndi dera lomwe intaneti yake ndi yodula komanso yodukaduka, kaamba koti malemba amadya data yochepa kwambiri poyerekeza ndi zithunzi. Ngakhale netiweki ya foni yofooka imakwanira. Vuto limadza netiweki ikaduka ntchito ili mkati, chifukwa lamulo lingathe kufera panjira. N'chifukwa chake odziwa ntchito amayamba atsegula pulogalamu ya tmux kapena screen, yomwe imasiya ntchito ikupitirira pa seva ngakhale iwo atachoka.

Lamulo silibwerera

Pakompyuta wamba, munthu akafafaniza chinthu amafunsidwa ngati watsimikiza, ndipo chinthucho chimakadikira kaye m'kabini ka zinyalala. Pa command line si choncho. Lamulo la rm -rf limachotsa chilichonse chomwe lauzidwa, osafunsa, ndipo palibe kabini kokatolamo.

Makampani akuluakulu adaphunzira zimenezi mowawa. Pa 31 January 2017, katswiri wa kampani ya GitLab, akugwira ntchito usiku, adafafaniza kaundula pa seva yolakwika poganiza kuti ali pa inzake. Pomwe ankaimitsa lamulolo n'kuti pafupifupi magigabaiti 300 atapita. Kenako zidadziwika kuti njira zawo zosungira makope sizinkagwira ntchito monga ankaganizira, ndipo zomwe makasitomala adachita m'maola pafupifupi 6 zidatayika.

Patangotha mwezi, pa 28 February, wantchito wa Amazon adalakwitsa polemba lamulo lochotsa ma seva ochepa, ndipo lidachotsa ambiri. Masamba ochuluka a paintaneti adasokonekera kwa maola pafupifupi anayi. Onsewa sadali akuba kapena adani, koma antchito ovomerezeka omwe ankakonza vuto laling'ono.

Kudekha ndiye chitetezo

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo malangizo a ntchitoyi onse akuchokera pamenepo. Choyamba ndi kutsimikiza dzina la seva, pakuti mazenera akuda amafanana onse. Lamulo la hostname limatenga sekondi imodzi, ndipo likadatha kuteteza ngozi ngati ya GitLab.

Chachiwiri ndi kukopera kaundula asanakhudzidwe, n'kuyesa ngati kopeyo ingathedi kubwezeretsedwa. Kopeyo isakhale m'nyumba imodzi ndi seva. Anthu a mu Mzuzu akukumbukira moto womwe udapsereza laibulale ya Mzuzu University mu December 2015. Zomwe zidali pansi pa denga limodzi zidapsera limodzi.

Chachitatu ndi kuyamba ndi seva imodzi lamulo lisanatumizidwe kwa onse, popeza chida chomwe chimakonza makina 50 nthawi imodzi chingathenso kuononga 50. Ansible ili ndi njira yoyeserera, yoonetsa zomwe zisinthe popanda kusintha kalikonse.

Chachinayi chikukhudza makiyi. M'malo mwa mawu achinsinsi omwe anthu amabwerekana, SSH imalola makiyi awiri apakompyuta: wina amaikidwa pa seva, wina amakhala ndi mwini wake yekha. Aliyense alowe ndi dzina lake, ndipo pofuna mphamvu zazikulu agwiritse ntchito sudo, yomwe imalemba yemwe wachita chinthu ndi nthawi yake. Wantchito akachoka, kiyi wake achotsedwe.

Chomaliza ndi kusamala posintha zokhudza netiweki yeniyeniyo. Katswiri akatseka molakwitsa khomo lomwe walowera, amadzitsekera kunja, ndipo ulendo wa ku Chitipa womwe amauzemba uja umakhalapo ndithu.

Zomwe malamulo akunena

Luso lolowa pakompyuta ili kutali silipereka ufulu wolowa paliponse. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la mu 2016 limati kulowa kapena kusokoneza makompyuta a ena popanda chilolezo ndi mlandu. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection la mu 2024, lomwe bungwe la MACRA limayang'anira, limapereka udindo kwa aliyense wosunga mbiri za anthu kuti aziteteze.

Izi zikutanthauza kuti mkulu wa chipatala, sukulu kapena kampani, ngakhale sadziwa lamulo ndi limodzi lomwe la Linux, ali ndi mafunso atatu oyenera kufunsa akatswiri ake: ndani ali ndi kiyi wa seva, kope yomaliza idayesedwa liti, ndipo zomwe zidasinthidwa sabata yatha zidalembedwa pati? Ngati mayankho palibe, kaundula yense wa malowo akudalira kuti zala za munthu mmodzi zisadzaphonye.