Kalembedwe ndi Kayendedwe ka Uthenga Polemba Tichipu: Chitsanzo cha Amisiri a ku Mandevu

Dzina la Mandevu, dera la kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, limatikumbutsa za amuna a ndevu zazitali a mpingo wa Johane Masowe amene adakhazikika kumeneko ndi ku Marapodi, nadziwika ndi ntchito zamanja monga kusula ndowa ndi ukalipentala. Luso lamanja silidathe m'deralo. M'timashopu ta ku Mandevu, Matero ndi Chawama muli amisiri okonza mafoni, mawailesi a kanema ndi madikoda, ndipo gawo lina la ntchito yawo silifuna nyundo kapena chowotcherera. Ndi ntchito yolembanso malangizo m'kachipu kamene kamayendetsa chipangizo. Eni ake amati "kuflasha". Owerenga a ku Malawi asasokonezeke: kwawo mawuwa amatanthauzanso kuimba foni n'kudula isanayankhidwe, chimene a ku Lusaka amati "kupeja".

M'nkhani ino tifotokoza mafunso awiri amene amakhala pansi pa ntchitoyi. Loyamba ndi lakuti malangizowo alembedwe motani kuti ayende ulendo wochoka pa kompyuta kukafika m'kachipu osasintha. Lachiwiri ndi lakuti wotumiza adziwa bwanji kuti wolandira walema ndipo afuna kupuma. Mafunsowa ndi olemera chifukwa bayiti imodzi yolakwika ikhoza kupha foni imene banja limasungiramo ndalama zake.

Kalembedwe

Kachipu koyamba kotha kufufutidwa ndi kulembedwanso, kotchedwa EPROM, adakapanga ndi Dov Frohman wa kampani ya Intel mu 1971. Kanali ndi kazenera pamwamba, ndipo kufufuta kwake kunali kukawalitsira kuwala kwa ultraviolet. Polemba, munthu ankakaika m'chida chotchedwa programmer chomwe chinkalumikizidwa ndi kompyuta kudzera pa waya wa RS-232, muyeso umene udakhazikitsidwa mu 1960. Waya wotere unkanyamula zilembo bwino, koma manambala osaphika ankauvutitsa. Motero akatswiri adaganiza zolemba bayiti iliyonse ngati zilembo ziwiri zowerengeka, pogwiritsa ntchito 0 mpaka 9 ndi A mpaka F.

Kalembedwe kodziwika kwambiri ndi Intel HEX, ka m'zaka za m'ma 1970. Taonani mzere uwu umene tadzipangira tokha:

:020000000A05EF

Chizindikiro cha madontho awiri chikuti mzere wayamba. Zilembo 02 zikunena kuti mabayiti a uthenga ndi awiri. Zilembo zinayi zotsatira, 0000, ndi keyala, ndiye kuti malo a m'kachipu pamene uthenga uyambire kulembedwa. Kenaka 00 akusonyeza mtundu wa mzere, kuti uwu ndi wa uthenga weniweni. Uthengawo ndi 0A ndi 05, kutanthauza 10 ndi 5. Zilembo zomaliza, EF, ndizo zotisangalatsa koposa. Tikaphatikiza manambala onse a mzerewu tipeza 17, ndipo EF ndi 239. Pamodzi akukwana 256. Wolandira amaphatikizanso yekha, ndipo akapeza kuti sizikukwana 256 kapena nambala yogawika ndi 256, amadziwa kuti chinachake chatayika panjira. Mzere uliwonse, tingatero, umayenda ndi mboni yake. Fayilo yonse imatha ndi mzere wa :00000001FF, umene sunena china koma kuti nkhani yathera pano.

Kampani ya Motorola idali ndi kalembedwe kake, S-record, kamene mizere yake imayamba ndi S ndipo mboni yake imawerengedwa mosiyana pang'ono. Palinso ka JEDEC ka tichipu ta mtundu wina. Ganizo lake ndi limodzimodzi, ndipo sitichedwapo.

Chitetezo chimenechi chili ndi mtengo wake. Kachipu ka 27C256 kamasunga mabayiti 32,768. Pa liwiro la mabiti 9,600 pa sekondi, waya umapititsa zilembo 960 pa sekondi, choncho manambala osaphika akanatha m'masekondi 34. Koma tikawalemba mu Intel HEX, mabayiti 16 pa mzere, mzere uliwonse umakhala ndi zilembo 45 kuphatikizapo ziwiri zotsekera, mizere n'kukwana 2,048, ndipo ulendo umatenga masekondi 96. Ife tikuona kuti mphindi yoonjezerayo inali yotchipa poyerekeza ndi kufufutanso kachipu kolembedwa molakwika.

Kayendedwe

Aliyense amene adamverapo nthano madzulo akudziwa kuti wokamba sathamanga yekha. Amanena chiganizo, omvera n'kuvomera kuti "tili tonse", ndipo akaleka kuvomera wokambayo amadziwa kuti tulo tawagwira. Makina ali ndi vuto lomwelo. Kompyuta imatumiza msanga, pamene programmer ili ndi kankhokwe kakang'ono ndipo kachipu kamalembeka pang'onopang'ono. Kankhokweko kakadzaza, zilembo zobwera pambuyo zimatayika mwakachetechete.

Njira imodzi ndi ya XON/XOFF, yochokera ku makina a Teletype a m'zaka za m'ma 1960. Kankhokwe kakatsala pang'ono kudzaza, wolandira amatumiza chizindikiro cha nambala 19, kunena kuti "taimani kaye", ndipo malo akapezeka amatumiza 17, kuti "pitirizani". Pano m'pamene mafunso athu awiri akumana. Manambala 17 ndi 19 akhoza kupezekanso mkati mwa malangizo enieni a kachipu. Ngati programmer ikutumiza manambala osaphika ku kompyuta imene ikumvera XON/XOFF, kompyutayo idzatenga 19 ngati lamulo, n'kumuchotsa mu uthenga, ndipo fayilo idzafupika popanda wodziwa. Mu Intel HEX ngozi imeneyi palibe, pakuti 19 amayenda atavala zilembo "1" ndi "3". Njira ina, ya RTS/CTS, imapatula mawaya ake apadera onenera kuima ndi kupitiriza, choncho sisakaniza lamulo ndi uthenga. Koma chingwe chosowa mawayawo chimagwetsa zonse. Yofanana kwambiri ndi "tili tonse" ndi XMODEM, imene Ward Christensen adalemba mu 1977: wotumiza amapereka mabayiti 128, n'kudikira kuti wolandira avomere kapena akane, ndipo akakana gawolo limabwerezedwa.

Mmisiri wa lero ku Mandevu saonanso RS-232 kawirikawiri. Amagwiritsa ntchito USB, kaya ndi kachida kotchipa ka CH341A polemba tichipu ta madikoda ndi mawailesi a kanema, kaya ndi pulogalamu ya SP Flash Tool pa mafoni okhala ndi chipu ya MediaTek, monga ambiri a Tecno. Komabe kuvomerezana kuja sikudafe, kudangobisika. Pa USB chipangizo chosakonzeka chimayankha kuti chikukana, kompyuta n'kuyesanso. Tichipu ta SPI ta gulu la 25 timalandira mabayiti 256 pa nthawi imodzi, kenaka timakweza biti yosonyeza kuti tatanganidwa, ndipo programmer imafunsa mobwerezabwereza mpaka bitiyo itatsika. Fayilo ya scatter ya MediaTek imagwira ntchito ya keyala, kunena gawo lililonse la malangizo malo ake.

Chimene chidatayika, m'kuona kwathu, ndi mboni ija. Mafayilo ambiri amene amisiri amapatsana pa WhatsApp kapena kutenga pa intaneti ndi a mtundu wa BIN, manambala osaphika opanda keyala ndi opanda chotsimikizira. Fayilo yodukira panjira imaoneka ngati yabwino. Mmisiri wosamala amayang'ana kukula kwake: ya kachipu ka 25Q32 iyenera kukhala mabayiti 4,194,304 ndendende. Amayambanso wawerenga zimene zili m'kachipu kakale n'kuzisunga asanafufute, ndipo akamaliza kulemba amalamula programmer kuwerenganso zonse n'kuyerekeza ndi fayilo. Magetsi nawo ndi mdani. M'chaka cha 2024, chilala chitatsitsa madzi a ku Kariba, makomboni a Lusaka ankakhala maola ambiri tsiku lililonse opanda magetsi, ndipo kachipu kodukizidwa pakati pa kufufuta ndi kulemba kamatsala kopanda kanthu. N'chifukwa chake laputopu yokhala ndi batire yabwino imaposa kompyuta ya pa tebulo pa ntchitoyi, pakuti CH341A imatenga mphamvu yake yonse ku USB ya laputopuyo.